Nyumba Zitatu za Aphungu Athu

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale

 A komiti atandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule lero, adati mutu ndisankhe ndekha, bola usakhale wa ndale. Ndidavomera. Koma mutu umene ndasankha ndi wa nyumba imene anthu amachitiramo ndale, ndiye Bambo Wapampando mukaona kuti ndayamba kuterereka mundikoke jekete.

Amene muli ndi K200 m'thumba taitulutsani. Musaope, sindikutolera, nthawi yake ikubwera. Kutsogolo kwa ndalamayo kuli nkhope ya Mayi Rose Chibambo. Mukaitembenuza muona nyumba yaikulu ya nsanamira, ya denga lobulungira pakati. Imeneyo ndiyo Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Ambiri timagulira tomato ndalama imeneyi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti Mayi Chibambo sadakhalepo phungu m'nyumba ili kumbuyo kwawoyo. Iwo adali phungu ku Zomba mu 1964, pamene nyumbayi idatsegulidwa mu 2010. Pakati pa mbali ziwiri za kapepala kamodzi kameneka pali zaka 46 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndipo nkhani yanga ili pamenepo.

Ine nditachoka pa sukulu pano ndidagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba kwa zaka zoposa makumi atatu. Munthu akabwera kuti ndimujambulire pulani, ndisanagwire pensulo ndinkayamba ndamufunsa kuti malowo ndi a yani, ndipo m'nyumbamo mudzakhala ndani. Amene ankayankha mozemba mafunso awiriwa nyumba zawo zinkavuta. Tsono ndikayang'ana nyumba zitatu zimene aphungu athu akhalamo, ndimaona kuti yoyamba adamanga ndi atsamunda pofuna kuti ithandize Bwanamkubwa, yachiwiri idamangidwa kuti mugone munthu mmodzi, ndipo yachitatu tidachita kupatsidwa ndi abwenzi a kunja.

Tiyambire ku Zomba. Harry Johnston atakhazikitsa boma la Angerezi mu 1891 adasankha Zomba kukhala likulu. Amene mudafikako mukudziwa chifukwa chake: m'tsinde mwa phiri muja ndi mozizira, madzi a Mulunguzi saphwa, ndipo nyumba ya kazembe wa Angerezi, imene lero ndi hotela ya Masongola, idali itamangidwa kale. Mu 1907 dzikoli lidatchedwa Nyasaland, ndipo chaka chomwecho padakhazikitsidwa Legislative Council, imene anthu ankangoitchula kuti Legco. Imeneyi ndiyo gogo wake wa Nyumba ya Malamulo ya lero. Koma musaganize za chinyumba. Adali anthu owerengeka okwana patebulo limodzi: Bwanamkubwa pampando, akuluakulu a boma atatu, ndi azungu ena atatu ochita kusankhidwa ndi iye mwini. Munthu wakuda mudalibe. Ankati zofuna za anthu akuda aziyankhula ndi mmishonale, ndipo mmodzi mwa amene adasenza udindo umenewu adali Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission. Padapita zaka 42 eni dziko akuyankhuliridwa ngati ana, mpaka mu 1949 pamene anthu akuda awiri adaloledwa kulowa, nawonso mochita kusankhidwa ndi Bwanamkubwa.

Nyumba imene ife achikulire timaidziwa kuti Palamenti ya ku Zomba ndi ya m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya. Poyerekeza ndi ya pa K200 ndi kanyumba chabe. Ili pamtunda, pakati pa mitengo, pafupi ndi maofesi akale a boma, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuipitirira. Amene adaijambula sankaganiza za aphungu mazana awiri. Ankaganiza za anthu ochepa oti azilangiza Bwanamkubwa, kenaka n'kupita kukamwa tiyi. Koma nyumba ili ngati mwana, simungadziwe chimene idzakhale. Mu 1956 anthu akuda asanu adasankhidwa kulowa mu Legco: a Henry Chipembere, a Kanyama Chiume, a Ralph Chinyama, a Kwenje ndi a Chijozi. Awiri oyambawo adali anyamata a zaka za m'ma 20, ndipo adayamba kufunsa akuluakulu a boma mafunso amene munthu wakuda adali asanafunsepo pamaso pa mzungu. Hansard, buku limene mumalembedwa mawu onse oyankhulidwa m'Nyumba, lidasanduka buku lolimbirana. Aphunzitsi ndi akalaliki ankaligula n'kumawerengerana madzulo ngati nkhani ya mpira.

Pano ndifotokoze za kakhalidwe ka m'kati, chifukwa n'chimene tidatengera kwa Angerezi ndipo sitidachisiye. Ku Westminster, ku London, aphungu amakhala moyang'anana. Boma limakhala kudzanja lamanja la Sipikala, otsutsa kumanzere, ndipo pakati pamakhala mpata. Chipinda chawocho chidaphwanyidwa ndi mabomba a Ajeremani mu May 1941. Pokambirana zochimanganso mu 1943, ena ankafuna chachikulu, chokhota ngati cha ku America, koma Winston Churchill adaumirira kuti chimangidwe monga chidalili, chaching'ono ndi choyang'anana. Maganizo ake adali akuti anthu amaumba nyumba, koma pambuyo pake nyumbayo ndi imene imawaumba iwo. Mpaka lero chipindacho chili ndi malo okhala anthu pafupifupi 430 pamene aphungu alipo 650. Adachita dala, kuti tsiku la nkhani yaikulu muzidzaza anthu mpaka ena kuimirira. Ife tidatengera zonsezo: Sipikala wa mkanjo, ndodo ya ulamuliro imene imalowa patsogolo pake, mbali ya boma ndi mbali yotsutsa. Sungani m'mutu mpata wa pakati uja, tiupezanso kutsogoloku.

Masiku aakulu m'mbiri ya nyumba ya ku Zomba, m'kuona kwanga, si 6 July 1964. Ndi 8 ndi 9 September chaka chomwecho, patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu. Nduna zidali zitasemphana maganizo ndi Dr Banda pa nkhani zingapo: tiki imene odwala ankayenera kulipira ku chipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso nkhani ya China. Boma la ku Peking lidali litalonjeza ngongole ya mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi angalivomereze. Nduna zina, makamaka a Chiume, zinkati tilandire. Dr Banda adakana, nati chimenecho n'chiphuphu. Pa 7 September adachotsa a Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula okha pansi maudindo, ndipo a Chipembere, amene adali ku Canada, atangofika adachitanso chimodzimodzi n'kukakhala pa mipando ya kumbuyo. Kwa masiku awiri anthu amenewa adaimirira m'chipinda chija n'kunena zakukhosi pamaso pa Nduna Yaikulu. Mayi ali pa K200 yanuyo adaimirira nawo, ali mayi yekha m'Nyumbamo, aphungu anzawo akuwakuwiza.

Padapita zaka pafupifupi 30 chipinda chimenecho chisanamvenso mawu otere. A Chipembere adamwalira ku America mu 1975. A Yatuta Chisiza adaphedwa pa nkhondo mu 1967. A Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mu mzinda womwewo umene adali nduna. Mayi Chibambo adathawira ku Zambia ndipo adabwerako mu 1994.

Ine ndidalowamo kamodzi kokha, ndili Fomu 3, m'zaka za m'ma 1970. Ena mwa inu mudali nawo pa lole ija, ndikuona mukugwedeza mitu. Mphunzitsi wathu wa Histole, Mulungu ause mzimu wake, adatikonzekeretsa kwa sabata yathunthu. Tonse tidameta. Adatiuza kuti m'katimo munthu satsokomola, saloza chala, ndipo akafunsidwa kuti waona bwanji ayankhe kuti zonse zili bwino. Tidakhala pa malo a alendo, mitima ikugunda. Chimene ndimakumbukira ndi chakuti phungu aliyense akaimirira ankayamba ndi kuthokoza Ngwazi, ndipo ena ankamaliza nthawi yawo asanafike pa nkhani imene adaimirira. Mnzanga wina amene tidayandikana, ndipo sindimutchula chifukwa ali muno, adandinong'oneza kuti, "Nanga otsutsa aja a m'buku akhala mbali iti?" Ndidamuponda phazi mwamphamvu kotero kuti adatsimphina mpaka pa lole. Funso lake lidali labwino kuposa onse amene tidafunsa chaka chimenecho. Chipindacho chidali cha mbali ziwiri, koma kuyambira mu 1966 lamulo linkalola chipani chimodzi chokha. Ndiye anthu a maganizo amodzi, kapena tinene kuti oonetsa maganizo amodzi, ankayang'anana n'kumavomerezana.

M'chipinda chomwecho mudadutsa lamulo lolanda katundu wa anthu la mu 1966, mudadutsa za upulezidenti wamuyaya, mudadutsanso lamulo la kavalidwe la mu 1973 limene lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Ndipo mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga adagwidwa ku Zomba atachokera ku msonkhano wa Nyumbayi. Tidauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Komiti yofufuza imene adaitsogolera a Justice Mtegha boma litasintha idapeza kuti adachita kuphedwa. Amene adazengedwa mlanduwo khoti lidawapeza osalakwa mu 1995. Sindipitirira pamenepa, ndaona Bambo Wapampando ayamba kuyang'ana jekete langa. Koma ndinenenso ichi, kuti tisainamizire nyumba ija: ndi aphungu a chipani chimodzi omwewo amene, riferendamu ya pa 14 June 1993 itatha, adasintha lamulo kuti zipani zina ziloledwe, ndipo pa 16 May 1994, mawa lake tikukavota, adavomereza malamulo aakulu oyendetsera dziko amene tikugwiritsa ntchito.

Mwina ana athu kumbuyoko mukudabwa kuti aphungu ankatani ku Zomba pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Nafenso tinkadabwa. Kusamutsa likulu lidali limodzi mwa maloto amene Dr Banda ankati adalota ali m'ndende ku Gwelo, ndipo ngongole yoyambira idachokera ku South Africa. Maofesi a pa Capital Hill adamangidwa, misewu idalambulidwa, mabwalo a ndege adakonzedwa. Nyumba ya aphungu yokha ndi imene sidamangidwe. Kwa zaka pafupifupi 20, nthawi ya msonkhano ikakwana, nduna, alembi aakulu, madalaivala ndi mafayilo ankayenda ulendo wa ku Zomba. Ife a mapulani timati ukafuna kudziwa chimene mwini nyumba amachikonda, ona chipinda chimene wayamba kufolera. Mu mzinda watsopano uja mudapezeka ndalama zomangira nyumba ya chifumu ya zipinda zimene nyuzi zinkati ndi 300, imene idatenga zaka zambirimbiri ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni a ku America, ndipo mwini wake akuti adagonamo masiku 90 okha.

Nyumba imeneyo, New State House, imene lero ikutchedwa Kamuzu Palace, ndiyo idakhala nyumba yachiwiri ya aphungu athu. A Bakili Muluzi atapambana mu 1994 adakana kukhalamo, ndipo idaperekedwa kuti ikhale Nyumba ya Malamulo. Panthawiyo ambiri tidaombera m'manja. Zinkamveka bwino kuti malo a munthu mmodzi asanduka malo a oimira anthu onse. Koma mmisiri aliyense akuuzani kuti kusintha dzina la chipinda n'kosavuta, kusintha khoma ndiye ntchito. Aphungu 177, amene pambuyo pake adafika 193, ankakumana m'holo imene idamangidwira maphwando. Nyumbayo ili kutali ndi kumene anthu wamba amayenda, kuseri kwa mipanda ndi zipata za alonda, chifukwa idajambulidwa kuti iteteze mtsogoleri kwa anthu. Palamenti imafuna zosiyana ndi zimenezo: khomo loonekera, malo a alendo, zipinda za makomiti, malo osungira mabuku.

Ngakhale zili choncho, holo ya maphwando ija ili ndi tsiku lake limene ndimalivulira chipewa. Pa 4 July 2002 mudabwera bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a Pulezidenti. Pankafunika mavoti 128. Idapeza 125. Idagwa ndi mavoti atatu okha. Ine ndidamvera pa wayilesi ndili ku ofesi, tonse titasiya mapensulo. Sindikuti amene adakana adali angelo, ena tikuwadziwa. Ndikungoti tsiku limenelo mbali ziwiri za chipinda zidagwira ntchito imene mnzanga wa phazi lopondedwa uja ankaifunafuna ku Zomba.

Akulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika atalowa m'boma adati nyumba ija idamangidwira mtsogoleri wa dziko, ndipo akufuna kukhalamo. Kunena zoona, poyang'ana pulani yake, iwo sadaname. Koma zotsatira zake zidali zakuti Nyumba ya Malamulo ya dziko lodzilamulira kwa zaka 40 idasanduka mlendo wosowa pogona. Maofesi ake adasamukira ku Chief M'mbelwa House ku City Centre, ndipo misonkhano inkachitikabe m'holo yobwereka kwa Pulezidenti yemweyo amene aphungu amayenera kumufunsa za kayendetsedwe ka ndalama. Taganizani munthu wa lendi akuzenga mlandu landilodi wake pabalaza pa landilodiyo. Za mizukwa imene nyuzi zidalemba mu 2005 kuti ikusowetsa tulo m'nyumbamo sindinenapo, a Pulezidenti adakana ndipo atolankhani adagona nazo m'chitokosi.

Zaka zimenezo ndi zimene mpata wa pakati uja udatchuka. Gawo 65 la malamulo athu limanena za phungu amene wachoka mbali imene adasankhidwira n'kuwolokera mbali ina. Mawu akuti kuwoloka m'gawo limeneli adachokera ku kamangidwe ka chipinda cha ku Westminster, kumene munthu wosintha chipani amayendadi ndi miyendo kudutsa pakati anzake akumuona. A Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri adawatsatira, ndipo mkangano wa Gawo 65 udachedwetsa bajeti mu 2007 ndi mu 2008. Mu June 2005 Sipikala Rodwell Munyenyembe adakomoka ali pa ntchito m'kati mwa phokoso la m'Nyumbamo, ndipo adamwalira patapita masiku ochepa ku South Africa. Churchill uja akadakhalapo akadati suja ndinkanena. Kanjira ka mamita ochepa ka m'nyumba ya ku London kadaimitsa ndalama za mankhwala ndi choko ku Nsanje ndi ku Chitipa.

Tsopano tifike pa nyumba yachitatu. Mukukumbukira kuti nkhani ya China idali imodzi mwa zimene zidachotsetsa nduna mu 1964. Mu 1966 Malawi adakhazikitsa ubale ndi Taiwan, ndipo ubalewo udakhala zaka 41. Ntchito yomanga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe idayamba ndi lonjezo la thandizo la Taiwan. Kumapeto kwa December 2007 boma lidasiya Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi Beijing, ndipo boma la China lidatenga ntchito zimene zidatsala panjira, monga msewu wa Karonga-Chitipa ndi nyumba imeneyi. Kampani ya ku chigawo cha Anhui ndiyo idamanga, ndalama zake zidali pafupifupi madola 40 miliyoni a ku America, ndipo a Mutharika adaitsegula mu May 2010. A Chiume adamwalira mu November 2007, kutangotsala mwezi umodzi kuti ubale umene adathamangitsidwira uchitike. Mayi Chibambo adakhala ndi moyo mpaka 2016, adaiona nyumbayo, ndipo adagwira ndi manja awo ndalama imene ili ndi nkhope yawo mbali iyi, mphatso ya China mbali inayo.

Monga munthu wa ntchitoyi ndinene zimene ndimaona. Malo ake adasankha bwino. Ili pa Presidential Way, m'munsi mwa Capital Hill, moyandikana ndi chiliza cha Dr Banda, kotero kuti aphungu akamapita ku ntchito amadutsa pafupi ndi manda a munthu amene sadawamangire nyumba. Kutsogolo kuli bwalo lalikulu, nsanamira zazitali, ndi denga lija lobulungira ngati nkhali yovundikira. Kamangidwe kotere si ka ku China ndipo si ka kuno. Nsanamira ndi za Agiriki, denga lotere ndi la Aroma, ndipo dziko lonse lidazolowera kuti nyumba ya malamulo izioneka choncho chifukwa cha Capitol ya ku Washington. Ndi chinenero cha nyumba chimene chimati pano pali ulamuliro. Chipinda chokumaniramo n'chimodzi, popeza nyumba yachiwiri ya Seneti imene malamulo a 1994 adalonjeza idafafanizidwa mu 2001 isanakumanepo n'kamodzi komwe. Ndipo ndivomereze kuti kwa nthawi yoyamba aphungu athu ali ndi chipinda chimene chidajambulidwira ntchito yawo, ndi zipinda za makomiti pa malo amodzi. Chimenecho si chinthu chaching'ono. Nyumbayi yayambanso kukhala ndi mbiri yake. M'menemo ndi mmene Mayi Joyce Banda adalumbirira pa 7 April 2012, patatha masiku awiri dziko likunjenjemera osadziwa ngati malamulo atsatidwa. M'menemonso Mayi Catherine Gotani Hara adakhala Sipikala woyamba wamkazi mu 2019.

Koma ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi la mmisiri. Mphatso ya nyumba siitha tsiku lodula riboni. Nyumba imadya chaka ndi chaka: mapaipi, mawaya, mababu, maloko, makina oziziritsa mpweya, zokuzira mawu. Pa ntchito yanga ndidaona nyumba zambiri zomangidwa ndi zipangizo za kutali zikuvutika chifukwa loko mmodzi wathyoka ndipo ku hadiweya kulibe wofanana naye. Funso limene ndimafuna phungu wanga atafunsa ndi lakuti, kodi mapulani onse a nyumbayi ali m'manja mwa amisiri a Chimalawi, ndipo mu bajeti muli mzere wa ndalama zoikonzera? Si ife tokha. China adamangiranso Lesotho nyumba ya malamulo ku Maseru, ndi Zimbabwe ku Mount Hampden. Sindikunyoza wopereka, adachita mbali yake. Koma zimandiwawa kuti dziko limene lidapeza ndalama za zipinda 300 za munthu mmodzi silidapeze za chipinda chimodzi cha anthu onse. Komanso banja likukula. Pa chisankho cha mu September 2025 madera adachoka pa 193 kufika pa 229, ndipo mpando uliwonse woonjezera umafuna malo, waya ndi ofesi.

Dandaulo lachiwiri ndi la munthu wa kumudzi. Kwathu milandu ndi nkhani za mudzi zimakambidwa pabwalo, pansi pa mtengo wa kachere. Bwalo lilibe chitseko. Wodutsa ndi mtolo wa nkhuni amatula n'kumvera, ndipo akamva bodza amatsokomola mokweza. Sindikuti tikadamanga Palamenti pansi pa mtengo, mvula ya ku Lilongwe ndikuidziwa. Koma ndikadakhala ine wojambula ndikadafuna kuti china chake cha bwalo chioneke: khonde lalikulu lofika kufupi ndi msewu, mthunzi woti munthu wochokera ku Mchinji ndi chikalata chake akhalepo podikira. M'malo mwake pali mpanda ndi chipata, ndipo anthu a zionetsero amathera pachipatapo. Pali mpanda winanso wosaoneka ndi maso. Malamulo athu amati wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana. Ndiye agogo amene adaima pa mzere kuyambira m'bandakucha kuti avote, akatsegula wayilesi amamva phungu wawo akulimbana ndi chinenero chimene onse awiri sachimva bwino. Hetherwick adapita kalekale, koma womasulira akadali pakati pathu.

Nanga n'chifukwa chiyani ndakutayitsani nthawi ya nsima ndi nkhani imeneyi? Dzulo nditafika ndidacheza ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Ndidafunsa kuti ndi angati adaionapo Nyumba ya Malamulo ndi maso. Adakweza manja atatu, ndipo awiri mwa iwo adangoiona pawindo la basi. Amene adalowamo padalibe. Ife tidapita nthawi ya mantha, pa lole yopanda tenti, tidaona anthu akuvomerezana okhaokha, komabe tidabwerako ndi funso limene latitengera zaka 50. Ana awa akhoza kupita nthawi imene mbali zonse ziwiri zili ndi anthu, akhoza kuona phungu wa kwawo ngati amayankhula kapena amagona, ndipo palibe amene adzawaponde phazi akafunsa.

Choncho, Bambo Wapampando, ndikupereka ganizo ili kuti lilembedwe m'maminitsi: bungwe lathu lizilipira basi chaka chilichonse yotenga ana a Fomu 3 kupita ku Lilongwe nthawi imene Nyumba ikukumana, makamaka ya bajeti. A Hedimasitala andiuza kuti kalata yopempha malo a alendo alemba okha, ndipo aphunzitsi awiri avomera kale kuperekeza. Ine ndidzapita nawo ngati miyendo ilola, ndi tepi yanga yoyezera, kuti tikaone ngati nsanamira zija ndi zazitali monga zimaonekera pa ndalama. Mnzanga wa phazi uja wandilonjeza kuti apereka mafuta a ulendo woyamba, ndipo popeza ndanena pagulu sangathenso kubwerera m'mbuyo. A Msungichuma akhala pakhomo ndi mbale ndi buku la malisiti. K200 ija mudatulutsa musaibwezere m'thumba, koma dziwani kuti payokha siigula ngakhale theka la lita ya dizilo, ndiye muiperekeze ndi azikulu ake.